Kiyi wa a Wimmer

"Kodi izi ndi nyimbo, kapena akupha nkhumba?" anafunsa a Wimmer, nkhope atakwinya.

"Takhalani chete inu, anthu akutiyang'ana," anawatsina akazi awo, a Hermine.

Kutsogolo kwa holo ya zoimbaimbayo azeze ndi malipenga zinkangokokanakokana, chilichonse njira yake, pamene mayi woimbayo ankakuwa ngati wathiridwa madzi otentha. Nyimbo zisanu za usikuwo anapeka ndi kamnyamata kena kamene akuti ndi katswiri wa zamakono mu Vienna muno.

Pofika nyimbo yachinayi, a Wimmer zinawakwana. Anasolola kiyi wa kunyumba m'thumba n'kuuzira pabowo pake, monga timachitira kuno zikatinyansa. Likhweru lake linali loboola m'makutu, koma palibe anacheuka. Woimbitsa anangopitiriza kugwedeza kandodo kake.

"Zonyansa zokhazokha!" analavula malovu a Wimmer potuluka. "Makutu anga andiipitsira."

Kutacha, akumwa khofi, a Hermine anawaponyera nyuzipepala patebulo.

"Mwatchukatu, bambo. Akuti m'nyimbo zonse zija, pamene mnyamatayu waonetsa luso lenileni ndi pa kalikhweru ka m'nyimbo yachinayi."