Mwala wa a Morita

Mwana wamkazi wa a Morita anaupeza mwalawo kubafa, uli chinyowere pambali pa sopo.

"Mwautani mwala wa bambo anga?"

Eunice, amene ankasamalira nkhalambayo m'nyumba yosanja ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, sanaone chobisa. Mwala wopepuka, wa timabowo, ntchito yake n'chiyani ngati si kukwecha zidendene? Kwawo ku Ntcheu ngakhale mwana amadziwa. Ndipo iye anawapeza bambowo mapazi ali ming'alu yokhayokha.

"Umenewu ndi wa kuphiri lophulika moto, pachilumba chomwe anabadwira!" anakalipa mayiyo. "Asilikali anawathamangitsako ali mwana. Mpaka lero mayiko awiri akulimbirana chilumbacho, ndipo iwo sadzapondakonso. Taonani mmene waperepesekera! Mawa musabwere."

Eunice anayang'ana a Morita pa njinga yawo ya olumala. Sitiroko inawatseka pakamwa chaka chatha. Koma m'mawa uliwonse, mwalawo ukangokhudza phazi, ankatsinzina, zala zakuphazi n'kumaukanikiza ngati munthu wofuna popondera pokwera phiri.

Eunice anafuna kunena zimenezi. Koma auze ndani? Mwana wobwera kudzaona bambo ake pa Khirisimasi pokha?

Mayiyo anaupukuta mwalawo, n'kuutsekera m'kabati yagalasi. Kiyi anaponya m'chikwama chake.

Eunice anagwada kuti awaveke masokosi bambowo komaliza. Phazi lija linali likufufuzabe pansi, pa kapeti.

"Pepani agogo," anatero m'Chichewa, chilankhulo chomwe m'nyumbamo munalibe wochimva. "Akulandaninso kwanu kachiwiri."