Mwala wa ku Mbenji

"Mwala uliwonse muziyamba mwamuonetsa Masiye musanauike m'thanki," anatero bwana wotumiza nsomba zokongola kunja.

Anderson zinamuwawa. Chiyambire 1971 wakhala akusamalira nsomba za mbuna m'mathanki agalasi pa Senga Bay, lero azilamulidwa ndi munthu wobwera dzana, chabe chifukwa chodziwa tizilombo tobisala m'miyala!

Lachisanu atapita ndi boti ku chilumba cha Mbenji, anamira natola mwala wamphako momwe anaona nkhanu ikulowa, n'kuubisa m'ndowa ya madzi. Anzake ali kukadya, anauika m'thanki ya Masiye. Nkhanuyo ikamaliza nsomba zake, tione ngati azimutamabe!

M'mawa anapeza anthu ataunjikana pathankipo, mtima wake n'kukondwa. Koma nkhanu munalibe. M'mphakomo munkatuluka tiana ta nsomba tachikasu tamizere yakuda, mtundu umene bwanayo anali asanauonepo.

"Masiye, mwala uwu unautola kuti?"

"Si ine, bwana. Ndangoupeza muno."

"Nanga wauika ndani?"

Anderson anayang'ana pansi.

"Basi," anaseka bwanayo, "nsombayi tiitcha dzina la Masiye."

Onse anaomba m'manja. Anderson anaomba nawo.