Amayi Agwira Mwendo wa Telesikopu

Anthu onse a kwathu kwa Mlolo ankanong'ona kuti a Jonasi, amuna a akulu anga a Thokozile, abwera ndi makina osuzumira m'nyumba za anthu. Ine ndinazimva pamjigo. Amayi atamva, anati chinthucho chisagone pakhomo pawo.

Madzulo alamuwo anaimika miyendo itatu yachitsulo pabwalo. Ine ndagwira umodzi, a Thokozile wina, wachitatu ukungoterereka pamchenga. Alamu manja onse ali pabawuti, chimpope cha telesikopu, makina aja, chikupendekeka pamwamba.

"Chikugwa! Wina agwire!" anakuwa alamu.

Panalibe wina koma amayi. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake sayandikana, ngakhale kupenyana m'maso. Koma amayi anathamanga, nagwira mwendowo, nkhope atatembenuzira kukhola.

Alamu atamanga bawuti anandinong'oneza. "Imelda, uwauze amayi asuzumire. Ndi mwezi chabe."

"Uwauze sindifuna," anatero amayi, mapewa awo ndi a alamu ali pafupi kugundana.

Komabe anawerama, diso limodzi atatseka ndi chitenje.

"Mayo ine! Uli ndi maenje ngati msewu wathu m'dzinja!"

Kenaka mwezi unayamba kuchoka pagalasi. Amayi anaiwala mwambo wonse, nakoka malaya a alamu.

"Apongozi, ukuthawa! Ubwezeni msanga, inu!"

Alamu anapotokola kachitsulo, mano onse ali pamtunda. A Thokozile anakhala pansi ndi phwete.

Amayi andiopseza kuti ndisauze munthu aliyense. Nanga inu, mukanakhala ine, pakamwa mukanatseka?