Mpando wa Aulis

Panali bambo wina, dzina lake Tuomo, amene ankayendetsa makina ocheka matabwa pafakitale ina ya ku Kainuu, m'dziko la Finland. Omudziwa akuti nkhaniyi ndi yoona.

Mpando wa pamakinawo ankasinthana anthu awiri. M'mawa ankakhalapo Aulis, mkulu wamtali amene anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu. Masana ankakhalapo Tuomo, munthu wamfupi. Aulis anali ataukankhira kumbuyo molingana ndi miyendo yake, ndipo pafakitalepo sizinkachitika kuti wobwera dzana asunthe mpando wa wamkulu. Choncho Tuomo ankangokhala m'mphepete mwa mpando, mkono wamanja utatambasuka kufikira chogwirira, khosi litapindikira kumene mitengo inkachokera, maola asanu ndi atatu.

Namwino wa pantchito, Marjatta, anamuona.

"Tuomo, wakhala ngati munthu wosuzumira pazenera la eni. Sendeza mpandowo. Ndipo ola lililonse uzidzuka, uziwongola msana."

"Ndi wa Aulis."

"Ndi wa fakitale."

"Chabwino, ndimuuza."

Pa nthawi ya khofi Tuomo anayambadi nkhaniyo, koma Aulis anamudula. "Vuto si mpando, mphwanga. Tsiku logawa miyendo iwe unachedwa." Onse anaseka. Tuomo anaseka nawo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Patapita zaka ziwiri, zala za Tuomo zinayamba dzanzi. Mkazi wake Sirkka anati apite kuchipatala.

"Loweruka ndikalowa m'sauna, m'bafa lotentha lija, nthunzi ichotsa zonsezi," anatero Tuomo.

Zinkachokadi, mpaka Lolemba. Anapirira chotero zaka zina zitatu, osadandaula, poti kwawo mwamuna wodandaula amamuyang'ana kawiri. Kenaka anayamba kulephera kumanga mabatani a malaya. Tsiku lina chogwirira chinamupulumuka m'dzanja mtengo uli pakati pa macheka. Palibe anavulala, koma mabwana anamuuza kuti asakhalenso pamakinapo mpaka dokotala atavomera.

Dokotala anayang'ana zithunzi za khosi nthawi yaitali.

"Mtsempha wopita kudzanjali wakhala wopanikizika kwa zaka zambiri. Opaleshoni ichepetsa ululu. Za mphamvu sindikulonjezani."

"Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi zokha. Ntchito ina sindidziwa. Ndibwererako liti?"

Dokotala anasendera pafupi. Anamupatsa zala zake ziwiri.

"Finyani."

Sirkka, amene anamuperekeza, anayang'ana kumbali.

"Finyani mwamphamvu, musandimvere chisoni," anatero dokotala.

"Ndikufinya," anatero Tuomo.

Phunziro: Makina sapha ndi macheka okha. Kukhala mopindika tsiku ndi tsiku kumadya munthu mwakachetechete, ndipo pamene wazindikira mankhwala amakhala atachedwa. Konzani mpando ulingane ndi thupi lanu, ngakhale anzanu aseke, ndipo dzanzi likayamba musadikire Loweruka. Tumizirani aliyense amene amaswera pamakina, mwina iye akadali ndi nthawi.