Mbaula Yopanda Malo

Utsi unalowera pawindo n'kudzaza nyumba. Panja, a Willard anayamba kutsokomola.

"Mwayatsira kuti mbaulayo?" anafunsa akazi awo, a Magdalena, ali pamphasa, mwendo wawo wothyoka uli m'chikhakha.

"Pomwe ndaipeza. Kumtunda kwa nyumba."

"Amenewo ndi malo a masana, bambo a Kondie. Dzuwa likapendeka imapita kumunsi."

A Willard anatsamira chitseko, mphumu yawo ikulira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka. Zaka zonsezi akhala akuseka akazi awo kuti mbaula yawo ilibe malo, imangozungulira nyumba ngati minibasi yosowa anthu.

"Masana mphepo imakwera phiri la Ndirandeli," anatero a Magdalena. "Madzulo imatsika. Chidulireni anthu mitengo itabwera matipate, imatsika chothamanga. Mukayatsira kumtunda nthawi ino, utsi wonse umakupezani m'nyumba."

"Ine ndinkati mumathawa miseche ya aneba."

"Ndinkakusiyani muziganiza choncho. Ndi mmene mulili inu, mukanati ndikukuyesani wodwala."

A Willard anakulunga zisanza m'manja, ananyamula mbaula ija nkhope atayang'anitsa kumbali, n'kutsika nayo pang'onopang'ono.

"Ndiike pati penipeni, mayi a Kondie?"

"Muona njerwa ziwiri zakuda."

Anazipeza zitamira m'dothi, pakona pomwe ankadutsa tsiku lililonse pochokera kuntchito. Mbaula inakhala bwinobwino osagwedera, utsi n'kulowera kumunsi, cha kumsika.

Anaima pamenepo kanthawi, akupuma.