Kapu Yotsala mu Bala ya a Meya

Pakhoma la bala ya a Dermot Hanlon panatsala kapu imodzi yokha, ndipo mwini kapuyo anali ataima pakhomo, chikwama chili m'manja.

Misomali inalipo makumi anayi. Mzungu wa ku Ireland ameneyu adaikhoma yekha kalekale, asanakhale meya wa katawuni aka ka kufupi ndi Kitwe, kuti aliyense wogwira ntchito mumgodi azikoloweka kapu yakeyake. Chigulitsireni mgodi, amuna aja ankabwera mmodzimmodzi, kalata yowachotsa ntchito ili m'thumba, n'kukolowola kapu yawo, n'kumapita.

"A Meya, ndadzatsanzika," anatero a Simeon Chirwa. "Basi ya ku Chipata inyamuka thu koloko. Ndikubwerera ku Rumphi, kwa makolo."

"Akukudziwani ndani ku Rumphiko?"

"Manda a bambo anga. Nanga inuyo, kwanu simupita?"

Mlongo wotsiriza wa a Hanlon adaikidwa m'manda ku Ireland chaka chatha, iwo adangomvera pa kalata. A Hanlon anakolowola kapuyo, naipukuta ngakhale inalibe fumbi. Chogwirira chake chinali chomanga ndi waya wa kopa.

A Chirwa anailandira, naitembenuza, kenako anayang'ana khoma lija.

"Ingakasweke m'njira imeneyi. Isungeni, ndidzamwera pa Khirisimasi."

"Pa Khirisimasi," anavomera a Hanlon.

Onse awiri anali akuluakulu, ndipo palibe amene anayang'ana mnzake kumaso.

Chitseko chitatsekeka, a Hanlon anakoloweka kapu ija pa msomali wapakati, pomwe munthu wodutsa mumsewu angathe kuiona.