Kamtima ka M'dzira

Ataboola dzira la nkhuku m'kalasi ya sayansi, mtsikana wina anaona kadontho kofiira kakugunda.

"Umenewo ndi mtima wa mwanapiye amene sanaumbike n'komwe," anatero aphunzitsi. "Muziudonthezera madzi ofunda. Ukangouma, basi waima."

Mtsikanayo anaika kabotolo ka madzi pambali, n'kutulutsa foni kuti awajambulire amayi ake, oweta nkhuku. Anajambula, n'kufufuta, n'kujambulanso, kufuna kanema wooneka bwino. Atatumiza n'kuyang'ananso m'dziramo, kadontho kaja kanali zii.

"Wako ukugundabe?" anafunsa mnzake wa pambali.

"Eya," anayankha osadzutsa mutu, uku akudonthezera madzi mochedwa.

Foni inanjenjemera. Anali amayi: "Kali moyo ndithu. Uzikasamala mwanangu, kakakula udzabwere nako kuno."